Miyala Yonunkha Dizilo

MUTU 6

1. Mabokosi ochokera kuchigwa

Mzime anali akupera mwala m'kamtondo kachitsulo pomwe lole inaima panja pa labotale. Anaidziwa ndi kulira kwake. Inali lole ya gulu loboola pansi, ndipo kapitawo wa gululo anali mlongo wake.

Mtsikanayu anali wotsiriza kubadwa m'banja mwawo, n'chifukwa chake aliyense ankangomutchula kuti Mzime, ngakhale kuntchito. Anali m'chaka chomaliza kukoleji komwe ankaphunzira za miyala ndi nthaka. Kolejiyo inamutumiza kukampani yofufuza mafuta apansi kuti akaphunzire ntchito ndi manja ake. Bwana wa kampaniyo ndiye anayenera kudzamuchitira umboni kuti alandire satifiketi.

Womuphunzitsa ntchito anali mayi wachikulire woyeza miyala. Antchito anzawo ankawatcha Mayi Magalasi, chifukwa ankayenda ndi magalasi ena pamphuno, ena akulendewera pachifuwa. Tsiku lomwe Mzime anayamba ntchito, mayiwo anamukhazika pampando n'kumuuza mawu awa:

"Mwanawe, anthu amaganiza kuti pansipa pali dziwe la mafuta longodikira munthu wa ndowa. Si choncho ayi. Kalekale m'zigwa zikuluzikulu munali madzi. M'madzimo munkafera ndere ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Matope anazikwirira, matope ena n'kubwera pamwamba pake, mpaka zonse zinalimba n'kusanduka mwala. Kutentha kwa pansi ndiko kumaphika zotsalirazo kuti zisanduke mafuta. Mwala wotero timautcha wobala mafuta. Ngati m'chigwa mulibe mwala umenewo, ungaboole mpaka imvi, supeza kanthu. Ntchito yathu ife ndi kufunsa mwala ngati uli wobala kapena wosabala. Koma usamale. Si mwala wakuda uliwonse uli ndi mafuta. Komanso aliyense wolowa pakhomo apo amabwera ndi yankho lake m'thumba. Iwe usamvere munthu, uzimvera mwala."

Kapitawo analowa akuseka, anyamata ake akumutsatira ndi mabokosi aatali amatabwa. M'mabokosimo munali miyala yakuda yobulungira, ngati munsi woduladula. Inali miyala yomwe makina awo anatulutsa pansi pa chigwa.

"Mzime, ndakubweretsera chuma. Uzigwira ndi manja awiri," anatero. Kenako anayang'ana uku ndi uku. "Mayi aja ali kuti?"

"Apita kuchipatala cha maso. Abwera mawa."

"Ndiye kuti lero dokotala wa miyala ndiwe. Yeza lero lomwe, abwana akudikira."

2. Mapiri awiri

Mzime anavala chijasi chake choyera. Anaswa kachidutswa ka mwala umodzi, anakapera mpaka kusanduka ufa, nathira ufawo m'kachikho kochepa ngati chikhadabo. Kachikhoko anakalowetsa m'ng'anjo ya makina oyezera.

Makinawo amatenthetsa ufa wa mwala pang'onopang'ono, ndipo zomwe zikutuluka zimaoneka pakompyuta ngati mzere wokwera ndi kutsika. Mzerewo umapanga mapiri awiri. Phiri loyamba limasonyeza mafuta omwe ali kale m'mwalamo, otuluka msanga ng'anjo ikangofunda. Phiri lachiwiri limabwera moto ukakula, ndipo limasonyeza mafuta omwe mwalawo ungabale kuchokera ku zotsalira zakalekale zija. Mwala wobala umadziwika ndi phiri lachiwirilo.

Ng'anjo itangofunda, mzere unalumpha mpaka pamwamba pa galasi la kompyuta. Mzime anali asanaonepo phiri loyamba lalitali choncho. Anadikira lachiwiri. Moto unakula, koma chomwe chinabwera chinali kachulu chabe.

Anayeza mwala wina wa m'bokosi lachiwiri. Zinatuluka chimodzimodzi.

Nthawi yomweyo Abwana analowa. Anali munthu wamtali wokonda kugwira anthu paphewa polankhula. Ataona mzere uja anawomba m'manja.

"Si zimenezo! Mafuta tawapeza."

"Bwana, koma phiri lachiwiri n'lalifupi kwambiri," anatero Mzime. "Kaboni wa m'mwalamu, wosonyeza zotsalira zakalekale zija, ndi wochepanso. Zikuoneka ngati…"

"Zimenezo ndi za m'mabuku, mwana wanga. Mkuja kukubwera alendo amene adzagamule ngati tikumbe zitsime zikuluzikulu kapena titseke ntchito. Alendo safuna mapiri awiri. Limodzi lokha lalitali lawakwanira."

Abwana anatembenukira mlembi wawo amene anaima pakhomo.

"Tumizani uthenga kuchigwa. Anthu olima kumunsi kuja asadzale chaka chino. Malo amenewo tiyamba kuwakonza mvula isanagwe."

Iwo atatuluka, Mzime anavula magolovesi kuti apukute thukuta. Apa m'pamene anamva fungo. Anatenga mwala wina n'kuununkhiza. Fungolo ankalidziwa, linali lomwe limamveka pa ovololo ya mlongo wake akamachokera kuntchito.

Anatenga nyundo n'kuswa mwalawo pakati penipeni. Kunja kwake kunali koterera. M'kati munali mouma gwa, mukununkha ngati dothi wamba. Anasuntha miyala ya m'bokosi n'kuyang'ana pansi. Matabwa anali atanyowa, ndipo chomwe chinawanyowetsa sichinali madzi.

3. Kuseri kwa nyumba

Mzime anafika kwawo dzuwa lisanalowe. Anapeza mlongo wake kuseri kwa nyumba akutsuka majombo. Mlamu wake, amene anali ndi pakati potopa, anali atakhala pampando chapatali akusoka kamalaya ka mwana.

"Achimwene, poboola paja munagwiritsa madzi okha kapena munathira dizilo m'matope oterezetsa chitsulo choboolera?"

"Madzi okha. Aliyense akudziwa zimenezo."

"Nanga dizilo wafika bwanji pamiyala ija?"

Kapitawo anasiya kutsuka. Anayang'ana kumene kunali mkazi wake, kenako anatsitsa mawu.

"Wauza ndani?"

"Sindinauze munthu. Ndayamba kufunsa inu."

"Ndiye ukhale chete choncho."

"Ndiye kuti n'zoona? Munaviika miyala mudizilo n'kubwera nayo kwa ine, mlongo wanu, tsiku lomwe mumadziwa kuti Mayi Magalasi kulibe?"

"Tsitsa mawu, iwe."

"Munasankha ine chifukwa ndine wophunzira. Mumati mphuno ndilibe? Zikanadzaululika, dzina lotchulidwa likanakhala la yani? Woyeza miyalayo ndine."

Kapitawo anaponya bulashi m'ndowa. Madzi akuda anathovukira pamapazi a Mzime.

"Iwe umakhala m'chipinda chozizira utavala zoyera. Ukudziwa chiyani za ntchito? Taboola chigwa chonse chija, dzenje lililonse louma. Ili linali lomaliza. Likauma, makina abwerera kwawo ndipo amuna onse a m'gulu langa akakhala pakhonde. Onsewo ali ndi ana. Alamu akowa ukuwaona mmene alili. Ndingofuna ntchito ipitirire, basi. Mwina dzenje lotsatira lidzakhala ndi mafuta enieni."

"Nanga anthu a kuchigwa? Lero abwana atumiza uthenga kuti asadzale. Mvula ikagwa minda ili mbee, ana awo adzadya dizilo wanuyo?"

Kapitawo anangotola jombo n'kuyamba kulikhutiza pamwala.

"Achimwene, mawa m'mawa mupite nokha mukanene. Mukapanda kutero ndikanena ndine."

4. Mawu a Amayi

Amayi awo anali atamva zonse ali pazenera. Anaitana Mzime m'chipinda chawo, natseka chitseko. Anakhala pabedi, iye anakhala pansi.

"Mzime, ine sukulu sindinapite nayo patali, za miyala yanuyo sindizidziwa. Koma za anthu ndimazidziwa. Zomwe wachita mlongo wako n'zoipa, ndipo ndimuuza ndekha, asaone ngati ndasangalala. Koma iwe umve. Bambo ako atamwalira unali kamwana. Amene ankakubereka kumsana popita nawe kuchipatala ndi yemwe uja. Amene anasiya sukulu kuti iwe usasiye ndi yemwe uja. Chibale ndi fupa, sichiola. Kampani lero ilipo, mawa yapita. Mayi Magalasi akowo tsiku lina adzapuma ntchito, adzaiwala ndi dzina lako lomwe. Koma ukadzadwala, wodzakhala pambali pa bedi lako ndi mlongo wako. Ukakamuneneza, amuchotsa ntchito, mwinanso amumanga. Mwana ali m'mimbayo adzakula akumva kuti azakhali ake ndiwo anamangitsa bambo ake. Udzalowa bwanji m'nyumba muno? Ine sindikukuuza kuti ukaname. Ndikungoti utseke pakamwa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, mwana wanga. Ukamuponya mwala uswa mkhate womwe."

Mzime anayang'ana pansi. Kenako anadzutsa mutu.

"Amayi, ndikadabwera nditabera mayeso, mukadandiuza kuti nditseke pakamwa?"

"Zimenezo n'zina."

"Si zina ayi. Ndili mwana ndinabwera ndi pensulo ya mnzanga, munandiyendetsa mpaka kwawo mutandigwira khutu. Lero pali minda ya anthu, mukuti ndikhale chete. Mkhate waswa ndi khosweyo, si ine."

Amayi anaimirira n'kutsekula chitseko.

"Sukulu yakupatsa pakamwa. Pita, ukachite zomwe ukufuna. Koma usadzati sindinakuuze."

Madzulo amenewo anadya osalankhulana. Mlamu yekha ndiye ankayesa kuyambitsa nkhani, koma palibe anamuyankha.

5. Kutsuka mwala

M'mawa Mzime anadzuka n'kupeza mlongo wake atachoka kale. Atafika kuntchito anafunsa mlonda wa pachipata ngati kapitawo anabwera kudzaonana ndi Mayi Magalasi. Mlondayo anapukusa mutu.

Mayi Magalasi anali atafika kale. Anali ataima pa kompyuta akuyang'ana mzere wa dzulo, milomo ataimanga.

"Wayeza ndiwe izi?"

"Ndine, mayi."

"Ukuona chiyani?"

"Ndikuona mwala wosabala umene wadzozedwa mafuta kunja."

Mzime anawapatsa zidutswa ziwiri za mwala womwe anaswa. Mayiwo ananunkhiza kunja, ananunkhiza m'kati, n'kuziika patebulo.

"Mphuno si umboni. Tiye tiyeze."

Anatenga ufa wa mwala n'kuutsuka ndi mankhwala osungunula mafuta. Atauumitsa anaubwezera m'ng'anjo. Phiri loyamba lija linatheratu. Kachulu kaja kanatsala momwe kanalili.

Mankhwala otsukirawo sanawataye. Anawalowetsa m'makina ena amene amalekanitsa mafuta m'tizigawo take, topepuka patokha, tolemera patokha. Mayi Magalasi analoza pagalasi ndi pensulo.

"Taona. Mafuta ochokera pansi amakhala ndi zonse, zopepuka ndi zolemera zomwe, chifukwa palibe amene anawasefa. Awa kumutu n'kodula, kumchira n'kodula. Adutsa kufakitale amenewa. Uyu ndi dizilo wa pampu."

Anavula magalasi.

"Ntchito ino ndakalambira. Ndaona miyala yodetsedwa mwangozi, injini ikadontha kapena oboola akathira dizilo m'matope kuti chitsulo chisakakamire. Zimenezo zimachitika, ndipo munthu woona mtima amanena. Koma mabokosi onse, mwala uliwonse wonyowa bwinobwino kunja? Ameneyu ndi munthu, ndipo anachita atakhala pansi. Ndikuuze, mwanawe, bodza la m'labotale silikhala m'labotale. Lituluka pakhomo apo litavala tayi. Likasamutsa mabanja, likagwetsa mitengo, likakumbitsa zitsime pomwe palibe kanthu. Ndiye tsiku lomwe chitsime chidzatuluke chouma, mabwana onse adzakhala atasamba m'manja. Adzafunsa funso limodzi lokha, kuti anayeza ndani. Ndinaonapo mnyamata wanzeru kuposa iwe akutha ntchito chifukwa cholola kamodzi kokha. Anati n'kamodzi, anati n'kuthandiza anzake. Mpaka lero palibe labotale imene ingamupatse ngakhale tsache. Mlandu suola, ndipo wa miyala ndiye umachita kuposa, chifukwa mwala amausunga m'bokosi zaka ndi zaka, aliyense angathe kudzauyezanso."

Anavalanso magalasi n'kumuyang'ana Mzime m'maso.

"Ukumudziwa amene wachita izi?"

Mzime anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Ndikumudziwa. Ndi achimwene anga."

"Akuuza okha?"

"Eya. Ndinawapempha kuti abwere adzanene okha. Sanabwere."

"Amayi ako akudziwa kuti ukunena?"

"Akudziwa. Sakundilankhula."

Mayi Magalasi sanamuyamikire, sanamutonthozenso. Anangokoka mpando n'kumuuza kuti akhale pansi, namupatsa madzi akumwa. Kenako anakulunga zidutswa za mwala zija m'pepala.

"Wachita mbali yako. Yotsalayi ndi yanga. Ndikukaonana ndi abwana, uthenga uja wa kuchigwa aubweze lero lomwe anthu asanataye mbewu. Iwe usatuluke muno."

6. Mu ofesi ya Abwana

Mzime anatsuka tizikho tonse, anapukuta matebulo, anasesa pansi pomwe panali posesa kale. Kuchokera kumapeto kwa khonde kunkamveka mawu a Mayi Magalasi akukwera, koma a Abwana sankamveka n'komwe.

Patapita nthawi chitseko chinatseguka. Mayi Magalasi analowa. Anavula chijasi chawo choyera, anachipinda bwinobwino n'kuchiika pampando. Anatenga chikwama chawo.

"Mayi, chachitika n'chiyani?"

"Akuti maso anga atopa. Akuti ndikapume kunyumba mpaka alendo atapita."

"Koma mwawaonetsa mwala uja?"

"Ndawaonetsa. Sanadabwe, mwanawe. Munthu womva chinthu koyamba amafunsa mafunso. Iwo sanafunse ngakhale limodzi."

Mlonda anali ataima pakhomo, maso ali pansi chifukwa cha manyazi. Anatumidwa kuti awaperekeze mpaka pachipata. Mayi Magalasi anamudutsa ngati sakumuona, koma asanatuluke anatembenuka.

"Akuitana iwe tsopano. Sindingalowe nawe. Usakalonjeze kanthu uli chiimire."

Mzime anayenda khonde lonse lija yekha. Anagogoda, nalowa.

Ofesi ya Abwana inali yaikulu, ya kapeti wofewa. Pakhoma panali mapu a chigwa chija, ndipo minda ya kumunsi inali itazunguliridwa kale ndi inki yofiira. Pakona, pampando wa alendo, panakhala mlongo wake, chipewa chili pamaondo. Sanadzutse mutu.

"Khala pansi, mwana wanga," anatero Abwana mokoma. "Ndamva kuti uli ndi mphuno yakuthwa. N'zabwino, kampani imafuna achinyamata otero."

Mzime sanakhale.

"Bwana, uthenga uja wa kuchigwa muubweza?"

"Za kuchigwa zisiye kwa akuluakulu. Tikambe za iwe. Mayi aja akalamba, ndipo labotale ikufuna munthu watsopano. Ukamaliza sukulu, mpando umenewo ungakhale wako. Kapitawoyunso ndi munthu wanga, palibe amene amugwire. Nonse awiri muli m'manja mwanga, ndipo manja anga ndi ofewa kwa anthu omva."

"Inu mumadziwa za dizilo uja."

"Ine ndimadziwa kuti alendo akubwera mawa."

Mzime anatembenukira mlongo wake.

"Achimwene, anakutumani ndi iwowa? Dzulo munandisiya ndikukangana ndi Amayi, inu muli chete, mukudziwa kuti pali wina kumbuyo kwanu?"

Kapitawo anangopotokola chipewa chake.

Abwana anatsekula kabati ya tebulo lawo n'kutulutsa mwala wakuda wobulungira, wathunthu, wonyezimira kunja. Fungo lake linadzaza ofesi yonse. Anauika patebulo n'kuukankhira kutsogolo kwa Mzime.

"Alendowo safuna kuwerenga mapepala. Akufuna kuona ndi maso awo makina akuyeza. Mayi Magalasi kulibe, ndiye woyatsa ng'anjo mawa ndiwe. Upala kunja kwa mwala uwu, osautsuka, osauswa pakati. Mzere ukakwera, iwe ungomwetulira. Akakufunsa kanthu, ndiyankha ndine."

Mzime anayang'ana mwalawo, manja ake ali kumbuyo.

"Nanga akandifunsa ineyo, n'kunena kuti ayankhe mwini wake woyezayo?"

Abwana anaseka pang'ono.

"Ukatero udzayang'ane kumbuyo kwa alendowo usanayankhe. Mlongo wako adzakhala ataima pomwepo. Ndaitanitsanso amayi ako kuti adzaone mwana wawo akugwira ntchito pamaso pa anthu akuluakulu. Galimoto ikawatenga m'mawa."